Tizitsa ta mkuwa pa bolodi: DRC ikadandaula, muzule kati, musiye kati?

Mnyamata wina wa ku Area 25 amene akuphunzira za magetsi anafika kwathu Loweruka lina masana, laputopu ili m'chikwama cha kumsana. Ankakonza bolodi yoyendetsa makina ofungatira mazira a nkhuku: ATmega328P pakati, kakompyuta kakang'ono kolamula zonse, kachipangizo koyeza kutentha, rilee (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) imodzi yoyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera, ina yotembenuzira mazira. Kwa iye ntchito inali itatha. Zida zonse zinali pamalo pake, njira za mkuwa zitayalidwa bwinobwino, ndalama yolipirira fakitale ya ku China atayisonkhanitsa movutikira. Chimene chinamuimitsa ndi mndandanda umene KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi a magetsi, inamutulutsira atadina DRC: machenjezo 43, onse onena chimodzimodzi, "Track has unconnected end".

"Achimwene, palibe pozimitsira zimenezi? Ndayang'ana paliponse, waya wolendewera sindikumuona."

Pozimitsira palipo ndithu, ndipo sipovuta kupapeza. Koma sindinamuonetse tsiku limenelo. Tinakoka mipando n'kuyamba kutsegula machenjezowo limodzilimodzi.

Tiyambe ndi chimene DRC imaona, chifukwa siona monga inu ndi ine. Dzinalo ndi chidule cha Design Rule Check, ndipo ntchito yake ndi ya kapitawo woyendera nyumba isanafoleredwe. M'manja mwake muli zinthu ziwiri. Choyamba ndi mndandanda wochokera ku sikimatiki, chithunzi cha mmene zida zilumikizirane, wonena kuti mwendo uwu wa chida ichi uyenera kulumikizana ndi mwendo uwo wa chida icho. Gulu lililonse la miyendo yoyenera kulumikizana limatchedwa neti. Chachiwiri ndi malamulo amene inu mwaipatsa: njira isachepe kuposa apa, mpata pakati pa maneti awiri usachepe kuposa apa. Zoti bolodiyo ndi yofungatira mazira kapena yopopera madzi m'dimba, DRC sizikuikhudza.

Tsono njira ya mkuwa imene inu mumaiona ngati mzere umodzi wokhotakhota, pulogalamu siisunga choncho. Imaisunga ngati nzimbe, mfundo ndi mfundo. Pamene pali pokhota, kachidutswa kamodzi kathera pomwepo ndipo kena kayambira pomwepo. Kachidutswa kalikonse kali ndi nsonga ziwiri, m'lifupi mwake, mbali ya bolodi imene kagona, ndi neti yake. DRC imapita pa nsonga iliyonse n'kufunsa kuti yatsamira chiyani. Ikatsamira padi, ndiye kuti kamalo kowotchererapo mwendo wa chida, zili bwino. Ikatsamira via, kabowo kokutidwa mkuwa kopititsa magetsi kuseri kwa bolodi, zili bwino. Ikatsamira kachidutswa kanzake kapena zoni, bwalo lija la mkuwa limene timadzaza pamalo otsala, zilinso bwino, malinga zonsezo zikhale za neti imodzi. Ikangothera m'malere, chenjezo limatuluka. KiCad imalankhula monga tamva kale. Mapulogalamu ena ali ndi mawu awo: EAGLE imati "Wire Stub". Altium imati "Net Antennae". Ine ndimangoti kachitsa. Mukagwetsa mtengo m'munda chitsa chimatsala, udzu ukamera sichioneka, mumachidziwa khasu litagunda.

Musasokoneze kachitsa ndi timizere topyapyala towongoka tija timene timasonyeza kuti malo awiri sanalumikizidwe, timene EAGLE imati airwire ndipo tonse pamodzi timatchedwa ratsnest. Kamzere kotero kakuti pano pakufunika mkuwa koma palibe. Kachitsa kakuti pano pali mkuwa koma sukupita kulikonse. Nthawi zambiri ziwirizi zimaonekera malo amodzi, chifukwa njira imene yaperewera pang'ono kufika pa padi imabala zonse ziwiri. Zikatero vuto ndi losavuta, mboni zilipo ziwiri. Zovuta ndi pamene kachitsa kali kokha.

Kumene timachokera

Palibe amene amajambula kachitsa mwadala n'kuiwala, kupatula apo ndi apo. Tambiri timabadwa posintha maganizo. Mwayala njira kupita ku kapasita, kenaka mwaona kuti kapasitayo akutchinga bowo la bawuti, mwamusuntha mamilimita atatu. Njira yakale yatsala pomwe inali, ikuloza pamene panali padi. Mwayala ina yatsopano, yakale mwafufuta, koma mwafufuta mfundo zitatu pa zinayi. Yachinayi, yaifupi kwambiri, yabisala pansi pa njira yatsopano kapena yatulukira pang'ono m'mbali mwa padi ngati lilime.

Gwero lina, limene limavutitsa kwambiri ongoyamba kumene, ndi giridi, timadontho totalikirana mofanana pa sikirini timene njira ndi zida zimatsata poikidwa. Zida za miyendo yolowa m'mabowo zambiri zinapangidwa pa muyeso wa inchi: miyendo imatalikirana 2.54 mm, amene ndi mamil 100, pakuti mil imodzi ndi 0.0254 mm. Zida zomata pamwamba zambiri zili pa muyeso wa mamilimita. ATmega328P ya miyendo 32 ya mtundu wa TQFP miyendo yake imatalikirana 0.8 mm, ndipo pali zida zina za 0.65 mm ndi 0.5 mm. Mukamayala njira pa giridi ya 0.635 mm kupita ku mwendo wokhala pa 0.8 mm, ziwirizo sizikumana. Pulogalamu imakuthandizani pokokera nsonga pakati pa padi, koma kuti itero imaika kamfundo kakang'ono kokhota, nthawi zina kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Tsiku lina mukadzafufuta njirayo, kamfundo kaja kamatsala, ndipo simungakaone ngakhale mutavala magalasi. KiCad imawerenga miyeso yake mu nanomita, kotero kachidutswa kamene maso sangakaone n'komwe, kwa iyo ndi chinthu chenicheni chokhala ndi nsonga ziwiri. Pali tina timene nsonga zake zonse ziwiri zili malo amodzi, kutalika kwake ziro, kadontho chabe. Timeneti timabwera chala chikadina kawiri pa mausi yotopa, kapena pokoka njira mpaka mfundo ina itafinyika n'kutha.

Palinso tizitsa tobwera ndi kusintha kwa sikimatiki. Mwachotsa chida, mwadina F8 kuti bolodi itsatire, chidacho chachoka, koma njira zimene zinkapita kwa icho pulogalamu siizichotsa. Palinso tosiyidwa ndi mapulogalamu oyala njira okha monga Freerouting, makamaka mukawaimitsa pakati pa ntchito. Ndipo pali totuluka posamutsa bolodi kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku ina. Izi ziwonjezeka masiku ano, chifukwa Autodesk, imene inagula EAGLE mu 2016, inalengeza kuti pa 7 Juni 2026 isiya kuigulitsa ndi kuisamalira payokha, ndipo ambiri amene anaphunzira pa EAGLE akusamutsira mabolodi awo akale ku KiCad, imene ndi yaulere. Bolodi yosamutsidwa musadabwe ikakutulutsirani machenjezo ambirimbiri ulendo woyamba.

Kodi kachitsa kamaononga?

Apa ndiyankhe mosabisa, chifukwa ena amaopseza ana a sukulu mopitirira. Pa mabolodi ambiri amene timapanga muno mu Lilongwe, oyendetsa mapampu a sola, oyatsa magetsi a panja kukada, oyeza madzi m'thanki, kachitsa ka mamilimita awiri kapena atatu sikasintha kalikonse m'kayendedwe ka magetsi.

Chifukwa chake chimamveka bwino mukaganizira zothirira m'dimba. Mwatsegula madzi mu ngalande, ndipo pambali pali kangalande kena kotsekeka kumapeto. Madzi amalowamo, amagunda kumapeto, n'kubwerera kudzasokoneza oyenda mu ngalande yaikulu. Kangalandeko kakakhala kakafupi, madziwo amabwerera msanga moti simuzindikira. Siginolo ya magetsi imachita chimodzimodzi. Pa bolodi ya FR-4, imene ndi yofala ija, siginolo imayenda pafupifupi masentimita 15 pa nanosekondi imodzi, theka la liwiro la kuwala. Kachitsa ka 3 mm siginolo imalowamo n'kubwerako m'mapikosekondi 40 okha, pamene mwendo wa ATmega umatenga mananosekondi angapo kuti uchoke pa 0 kufika pa 5 V. Zobwererazo zimamira m'kusinthako. Ndipo onani kuti choyenera kuyerekeza nacho ndi changu chimene siginolo imakwerera kapena kutsikira, osati kuchuluka kwa kugunda kwa koloko kokha. Chida chamakono chikhoza kugunda pang'onopang'ono koma m'mphepete mwa kugunda kulikonse muli mwakuthwa.

Zinthu zimatembenuka pa mawayilesi. Wi-Fi ndi Bluetooth za ESP32, kakompyuta kena kakang'ono kokhala ndi wayilesi, zimayenda pa 2.4 GHz. Funde lake mumpweya ndi lotalika 12.5 cm, pa bolodi limafupika kufika cha m'ma 7 cm. Kachitsa kotalika gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, kutanthauza pakati pa 1.5 ndi 2 cm, kamachita chodabwitsa: ngakhale kumapeto kwake sikunakhudze kalikonse, zobwerera zimafika zitatembenuka ndendende moti pamphambano pamakhala ngati mwagunditsa njirayo ku giraundi, neti ya 0 V imene magetsi amabwererako. Siginolo imafera pomwepo. Ngakhale kachitsa kofupikirapo kamadya mphamvu ndithu. N'chimodzimodzi pa njira ziwiri za USB yothamanga 480 Mbit/s, zimene zimayenera kuyenda mofanana ngati ng'ombe za pagoli limodzi: kachitsa pa imodzi kamaipendeketsa ngoloyo. Pa mabolodi a makompyuta akuluakulu amafika pobowolanso mavia kuchokera kuseri kuti achotse chigawo cha mkuwa chimene sichikugwira ntchito m'bowomo, chifukwa nachonso ndi kachitsa koimirira. Kachitsa kataliko kamathanso kutola phokoso ngati mlongoti wa wayilesi, n'chifukwa chake Altium inakapatsa dzina lija. Kakakhala pa mwendo wa kristalo kapena polowera siginolo yofooka ya choyezera, musakalekerere.

Koma kwathu kuno kuli zoopsa zina zimene mabuku a kunja sazilabadira kwenikweni. Ambiri bolodi yoyamba timaipanga tokha: kusindikiza pa pepala losalala, kusita ndi ayironi pa bolodi ya mkuwa, kuviika mu ferric chloride. Inki ikatenthedwa imafalikira pang'ono. Mpata wa 0.2 mm umene KiCad imayambira nawo, umene fakitale siuvutika nawo, pa ayironi umatsekeka mosavuta, ndipo kachitsa koloza njira ya neti ina ndi malo oyamba kugundana. Bolodi yopangira kunyumba ilibenso utoto wobiriwira uja wotchinga mkuwa, kotero mtovu wowotcherera ukayenderera umagwira chilichonse chili pafupi. Ndiye pali magetsi a m'nyumba. Bolodi ya mnyamata uja inali ndi 230 V ku mbali ya rilee. Kachitsa kochoka ku mbali imeneyo kuloza ku mbali ya 5 V kamafupikitsa mtunda umene magetsi angakwawe pamwamba pa bolodi. Onjezani fumbi la Okutobala ndi chinyezi cha Januwale, kapena chinyezi cha m'makina ofungatira mazira momwemo, mwapanga mlatho. DRC idzangokuuzani za mpata ngati munaiuza nokha kuti maneti a 230 V akufuna mpata wa mamilimita angapo. Mukapanda kutero, imawayeza ndi muyeso womwewo wa 0.2 mm n'kukhala chete.

Komabe choopsa chachikulu cha tizitsa si mkuwawo ayi. Ndi phokoso limene timachita mumndandanda. Munthu ukaona machenjezo 43 ofanana, maso amatopa pa lachisanu, n'kuganiza kuti onse ndi zinyalala. Pakati pa zinyalalazo pamagona limodzi limene likunena zoona.

Funso loyamba pa kachitsa kalikonse

Musanafufute, funsani kuti kachidutswa kameneka kanabwera kudzatani. Mayankho ndi atatu basi. Mwina ndi kotsalira pa njira imene inachotsedwa, ndiye kachoke. Mwina ndi njira imene inayenera kufika penapake koma sinafike, ndiye kufufuta n'kulakwitsa kawiri, yofunika ndi kuimaliza. Mwinanso munakaika dala.

Kuti muyankhe muyenera kukaona kaye, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Mu KiCad, mukadina chenjezo mumndandanda, sikirini imalumphira pamalopo ndipo pamakhala kamuvi. Kuzani chithunzicho mopanda manyazi, mpaka padi imodzi idzaze sikirini yonse. Mukaona kuti palibe kanthu, sinthani kaonekedwe ka njira ndi mapadi kuti zioneke m'mphepete mokha, m'kati mopanda utoto. Pamenepo mfundo iliyonse imaoneka payokha ngati kasoseji, ndipo yobisala pansi pa inzake imaonekera. Yang'ananinso mbali imene chenjezo likutchula. Kangapo ndakhala ndikufufuza pamwamba, F.Cu, pamene kachitsa kali pansi, B.Cu, kataphimbidwa ndi zoni ya pamwamba. Zimitsani mbali zina zonse, mutsale ndi imodzi. Kenaka ikani mausi pa kachidutswako n'kudina batani la kamzere kopendekeka lija lili pansi pa Esc, neti yonse iwale. Mukatero mumaona kumene njirayo ikuchokera, ndipo mumatha kuganiza kumene inkapita.

Kusankha kachidutswa kakang'ono pakati pa zinthu zothithikana kumafuna kuchenjera pang'ono. Pakona ya kumanja pansi pali sefa yosankhira. Chotsani chizindikiro pa zonse kusiya njira zokha, kenaka kokani kabokosi kuchoka kumanzere kupita kumanja mozungulira malowo. Kukoka kotero kumasankha zokhazo zimene zalowa zathunthu m'bokosimo, kotero njira zazitali zodutsa pomwepo sizigwidwa, kamagwidwa ndi kakang'ono kokha. Mukakoka kuchoka kumanja kupita kumanzere, chilichonse chokhudzidwa chimalowa. Batani la Del limachotsa mfundo imodzi yokha. Batani la U limakulitsa chosankhidwa kutsata njirayo mpaka pamphambano, ndipo ndi limene limathandiza kuti mfundo yachinayi ija isatsale.

Kumbukiraninso zoni. Njira yothera m'kati mwa zoni ya neti yake imawerengedwa kuti yalumikizidwa pokhapokha zoniyo itadzazidwa. Mukasuntha zinthu osadzazanso, DRC imayeza pa chithunzi chakale. Dinani B musanayese chilichonse, ndipo m'bokosi la DRC siyani chizindikiro pa mzere wouza pulogalamu kuti idzazenso mazoni isanayambe.

Tsache la KiCad ndi kuopsa kwake

Pansi pa Tools pali chida chotchedwa Cleanup Tracks & Vias. Chimatha kulumikiza mfundo zoyenda mzere umodzi kuti zikhale imodzi, kuchotsa mavia obwerezabwereza ndi olumikizidwa mbali imodzi yokha, kuchotsa tizidutswa tokwiririka m'mapadi, ndi kuchotsa njira zosalumikizidwa nsonga imodzi. Ndi chida chabwino, ndimachigwiritsa ntchito pa bolodi iliyonse. Koma chili ngati moto wotentha tchire, sichisankha.

Taganizirani njira ya mfundo 12 yochoka pa mwendo wa ATmega, yodutsa bolodi yonse, imene yaperewera theka la milimita kufika kumene imapita. Tsachelo liona mfundo yomaliza kuti ili m'malere, lichotsa. Tsopano ya nambala 11 ndiyo ili m'malere, lichotsanso. Limabwerera m'mbuyo choncho mpaka litafika pa padi kapena pamphambano, ndipo njira imene munaivutikira usiku wonse yapita. Ngati sikimatiki ikudziwa kuti malo awiriwo ayenera kulumikizana, kamzere ka ratsnest kadzatuluka n'kukuuzani, mwangotaya nthawi chabe. Ngati sikimatiki siikudziwa, palibe chidzatuluke. DRC idzati zonse zili bwino.

N'chifukwa chake ine ndimachita motere. Ndimasunga kope la fayilo kaye, makamaka popeza magetsi akhoza kuzima ntchito ili pakati ndipo batire ya laputopu yanga ndi ya mphindi zowerengeka. Ndimadzaza mazoni. Ndimayamba ndi zosaopsa zokha, kulumikiza mfundo ndi kuchotsa zokwiririka m'mapadi, ndipo izi zokha zimachepetsa mndandanda kwambiri. Zotsalazo ndimaziona ndi maso. Pokhapokha ndikatsimikiza kuti zonse zotsala ndi zinyalala m'pamene ndimalola tsache kuchotsa njira zolendewera, ndipo ngakhale pamenepo ndimawerenga mndandanda umene limaonetsa lisanagwire ntchito. Mukaona neti imodzi ikutchulidwa kasanu kapena kakhumi motsatizana, imani. Chimenecho si chitsa, ndi mtengo wathunthu.

Kwa amene akadali pa EAGLE kapena pa Fusion, pulogalamu ina ya Autodesk, kumene malamulo ake ndi omwewo, nkhani imasiyana pang'ono. Kumeneko njira ya pa bolodi simuichotsa ndi DELETE monga mungaganizire. Bolodi ndi sikimatiki zimakhala zomangirirana, ndipo pulogalamu imakana kusintha kulumikizana kuchokera ku bolodi. Lamulo loyenera ndi RIPUP, limene limasandutsa mkuwa kukhala airwire, kenaka RATSNEST, limene limawerengeranso timizere tonse n'kutaya tosafunika. Ambiri amachita RIPUP n'kudabwa kuti patsala kamzere kachikasu, osadziwa kuti ntchito yatsala theka. EAGLE imafunanso kuti njira ifike pakati penipeni pa padi. Ikathera m'mphepete, mkuwa umakhala utagundana ndithu koma pulogalamu imasiya ka airwire kakafupi kwambiri, kooneka ngati kamtanda. Zimitsani zigawo zonse kusiya nambala 19, Unrouted, timitanda timeneto tionekere. Mukamaliza, pansi pa sikirini payenera kulembedwa "Ratsnest: Nothing to do!".

Nthawi zina kachitsa kamakana kugwidwa ndi mausi zivute zitani. Pali njira ya kuseri. Fayilo ya bolodi ya KiCad ndi malemba wamba amene mungatsegule ndi Notepad, ndipo ya EAGLE nayonso ndi malemba a XML kuyambira mtundu wa 6. Kachidutswa kalikonse kalembedwa ndi poyambira ndi pothera pake. DRC imakupatsani manambala a malo, mumawafufuza m'fayilomo, ndipo mukapeza kachidutswa kamene poyambira ndi pothera ndi manambala omwewo, ndi komweko. Mufufute chigawo chake chonse, osasiya chotsekera ngakhale chimodzi, apo ayi fayilo sidzatsekukanso. Njira imeneyi ndi ya pa kope, osati pa fayilo yanu yokhayo. Musanafike kumeneko, onani kaye ngati kachidutswako sikanakhomedwe loko, chifukwa sefa ija imadumpha zokhomedwa mpaka mutailola.

Toikidwa dala

Si nsonga iliyonse yolendewera imene ili yolakwika. Mlongoti wojambulidwa pa bolodi, monga kanjira kokhotakhota kali kumutu kwa ESP32, ndi mkuwa wothera m'malere mwadala. Akatswiri a mawayilesi amaika tizitsa toyezedwa bwino kuti asefe mafunde ena. Njira yotchinga yozungulira siginolo yofooka nayo imatha kuthera panjira. Zoterezi mu KiCad mumadina chenjezolo ndi batani la kumanja n'kulipatula, mu EAGLE mumadina Approve. Kupatula chenjezo limodzi mutaliona n'kosiyana kutalitali ndi kupita ku Board Setup kukazimitsa mtundu wonse wa chenjezolo. Koyambako mwayankha funso, kwachiwiriko mwatseka pakamwa wofunsayo, ndipo kachitsa kadzabwere mawa simudzakamva.

Ngakhale zili choncho, ine ndimakonda kupewa kupatula kumene kungapeweke. Ngati mukufuna pogwirira ndi mita poyesa, musasiye njira yolendewera, ikani padi yoyesera yeniyeni, ionekenso mu sikimatiki. Ngati ndi mlongoti, upangeni ukhale chida chokhala ndi padi yake. Mnzanu amene adzatsegule fayiloyo chaka chamawa, kapena inu nomwe mutaiwala, sadzayesa zinyalala.

Mwina wina anganene kuti fakitale idzaona. Siidzaona. Chimene mumatumiza ndi mafayilo a Gerber, amene ndi zithunzi za mkuwa, ndipo kachitsa kamalowamo monga mkuwa wina uliwonse. Mafakitale amayesa bolodi ndi magetsi ndithu, koma kawirikawiri amayerekeza ndi kulumikizana kumene makina awo awerenga kuchokera m'ma Gerber anu omwewo. Akutsimikiza kuti apanga chimene munajambula, osati chimene munkafuna. Ndipo kwa ife kulakwitsa kumawawa kuposa kwa munthu wa ku Shenzhen amene bolodi imamupeza mawa lake. Kuno muyenera kupeza ndalama zakunja, kudikira masabata kuti katundu atere ku Lumbadzi, kulipira msonkho, kenaka n'kupeza kuti mabolodi onse asanu ali ndi chilema chimodzi.

Tinamaliza cha m'ma 5 koloko. Pa machenjezo 43 aja, 29 anatha ndi kulumikiza mfundo ndi kuchotsa zokwiririka m'mapadi, pafupifupi onse ozungulira ATmega, kumene giridi yake ya inchi inkalimbana ndi miyendo ya 0.8 mm. Ena 12 anali otsalira posuntha zida, ndipo kamodzi mwa timeneto kanali ku mbali ya 230 V, kataloza ku giraundi. Limodzi linali pogwirira mita pamene anasiya dala, tinaikapo padi.

Lomaliza linali njira yaitali bwino, yochoka pa rezista ya 1k, yothera pabwalo popanda kanthu, mamilimita awiri kuchoka pa transista yoyendetsa rilee ya chotenthetsera. Ratsnest inali chete, mndandanda wa zosalumikizidwa unali pa ziro. Ndinamufunsa ngati anasinthapo transistayo.

"Eya, achimwene. Poyamba ndinaika yomata pamwamba, koma m'tauni ndinangopeza BC547 ya miyendo, ndiye ndinasintha."

Tinatsegula sikimatiki n'kukuza pamalopo. Pochotsa chizindikiro chakale n'kuika chatsopano, anali atasintha giridi kuchoka pa 1.27 mm, ndipo waya wochoka pa rezista unathera pambali pang'ono pa mwendo wapakati wa transista, osaugunda. Ndi maso zinkaoneka zolumikizana. ERC, imene imayendera sikimatiki monga DRC imayendera bolodi, ikanamuuza, koma anali asanaiyendetsenso chisinthireni. Kwa pulogalamu, mwendo umenewo sunkayenera kulumikizidwa ndi chilichonse, kotero panalibe choti ratsnest idandaule. Mboni yokhayo inali njira yakale ija, itaima pamene panali padi ya transista yoyamba. Akanazimitsa chenjezo, kapena akanapsereza ndi tsache, bolodi ikanabwera yokongola, sikirini yake ikuonetsa kutentha bwinobwino, rilee osagunda ngakhale kamodzi, mazira ali zii.

Anabwezera giridi pa 1.27 mm, anakokera waya pa mwendo, anadina F8, kamzere kopyapyala kanatuluka pakati pa nsonga ija ndi transista. Anadina X n'kuyala mamilimita awiri otsalawo.